Ulendo wa dzina la Maria, kuchokera kwa mlongo wa Mose mpaka m'kaundula wa ana obadwa lero

Mukawerenga Yohane 19:25 mosathamanga, muona kanthu kena kamene ambiri timangokadumpha. Pafupi ndi mtanda wa Yesu panaimirira amayi ake, m'bale wa amayi akewo, Maria mkazi wa Klopa, ndi Maria wa ku Magadala. Yohane satchula dzina la amayi a Yesu, koma tonse tikulidziwa. Ndiye kuti pa kagulu ka akazi osakwana n'komwe asanu, atatu anali a dzina limodzi. Wopeka nthano sangachite zimenezo. Iye amapatsa aliyense dzina lakelake kuti omvera asasokonezeke. Olemba Uthenga Wabwino analibe ufulu wotero, chifukwa m'dziko la Ayuda nthawi imeneyo a Maria anali mbwee.

Katswiri wina wa mbiri wa ku Israel, mayi Tal Ilan, anasonkhanitsa mayina a Ayuda a nyengo imeneyo. Anawatola m'mabuku akale, m'zikalata, ndi pa timabokosi tamiyala timene ankasungiramo mafupa a akufa. Anapeza kuti mwa akazi anayi kapena asanu aliwonse amene mayina awo anasungika, mmodzi anali Maria, ndipo dzina lokhalo limene linkapikisana nalo linali Salome. N'chifukwa chake Chipangano Chatsopano chimachita kuwasiyanitsa ndi mudzi wa kwawo, amuna awo kapena ana awo: wa ku Magadala, wa ku Betaniya m'bale wa Marita ndi Lazaro, mayi wa Yakobo ndi Yose, mayi wa Yohane Marko pa Machitidwe 12:12, ndi wina wa ku Roma amene Paulo akumupatsa moni pa Aroma 16:6. Makolo a amayi a Yesu sanasankhe dzina lachilendo. Anatenga dzina limene linkamveka pafupifupi pakhomo lililonse.

Kuchuluka kwa a Mariaku kunabala chisokonezo chimene chinakhala zaka zoposa 1,300. M'chaka cha 591 Papa Gregory Woyamba analalikira kuti Maria wa ku Magadala, Maria wa ku Betaniya ndi mkazi wochimwa uja wosatchulidwa dzina wa pa Luka 7 anali munthu mmodzi. Mipingo ya kum'mawa sinatsatire maganizo amenewo, koma kumadzulo kwa Ulaya anazika mizu, mpaka alaliki ndi ojambula zithunzi ankamuonetsa Maria wa ku Magadala ngati mkazi wachiwerewere amene analapa, pomwe Baibulo silinena zimenezo. Mpingo wa Katolika unadzawalekanitsa akaziwa pa kalendala yake mu 1969.

Woyamba kudziwika ndi dzinali ndi Miriamu, mlongo wa Mose ndi Aroni. Pa Eksodo 15:20 akutchedwa mneneri, ndipo timamuona atanyamula lingaka, akazi onse akumutsatira n'kumavina Aisraeli atangowoloka nyanja. Pa Numeri 12 iye ndi Aroni anamunena Mose chifukwa cha mkazi wachikusi amene anakwatira, ndipo Miriamu yekha ndi amene anagwidwa khate. Anthu onse anaima osapitirira ulendo kwa masiku 7 kumudikira. Anamwalirira ku Kadesi. Mneneri Mika amamutchula pamodzi ndi alongo ake awiri aja ngati atsogoleri amene Mulungu anatuma. Komabe m'Chipangano Chakale chonse, kupatula iyeyu, dzinali limangoonekanso kamodzi, m'ndandanda wa mibadwo pa 1 Mbiri 4:17. Linakhala chete kwa zaka mazana ambiri.

Nanga linadzuka bwanji mpaka kudzaza Yudeya ndi Galileya? Ofufuza ambiri amaloza ku banja la Amakabeo, limene linatsogolera Ayuda kupandukira mafumu achigiriki m'zaka za m'ma 160 BC n'kukhazikitsa ufumu wawowawo. Mayina a banja limeneli, monga Simoni, Yuda, Yohane, Eleazara ndi Yonatani, ndi amenenso anafala kwambiri pakati pa amuna. Kwa akazi, banjali linali ndi mfumukazi Salome Alexandra, amene analamulira kuyambira 76 mpaka 67 BC, ndi Mariamne, mwana wachifumu amene anakwatiwa ndi Herode Wamkulu n'kudzaphedwa ndi mwamuna wakeyo mu 29 BC. Kwa anthu okhala pansi pa ulamuliro wa Aroma, kutcha mwana dzina la banja limene linawapatsapo ufulu kunali ndi tanthauzo lake. Apa tikuona koyamba chinthu chimene chidzabwerezedwa m'mbiri yonse ya dzinali: chimene chimalikweza ndi munthu amene analinyamula. Tanthauzo la mawuwo silinalikwezepo.

Tanthauzo limene akatswiri akulimbiranabe

Funsani pa intaneti kuti Maria amatanthauza chiyani, mayankho ake abwera ambiri, ndipo otsutsana: nyanja yowawa, wopanduka, dontho la m'nyanja, nyenyezi ya panyanja, dona, wokondedwa. Lililonse lili ndi pochokera, koma sakulemera mofanana.

Pa Chiheberi dzinali ndi Miryam. Amene amaligawa pawiri amapeza mar, kutanthauza chowawa, ndi yam, nyanja. Mawu oyambawo ndi omwe aja a Naomi pa Rute 1:20, pamene akuuza akazi a ku Betelehemu kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa moyo wamuwawira. Ndipo mavesi ochepa chabe pambuyo pa nyimbo ya Miriamu, Aisraeli akufika pa madzi owawa a ku Mara. Aphunzitsi achiyuda akale anaona kugwirizanaku n'kunena kuti mwanayo anabadwa pamene ukapolo unafika powawa. Ndi ulaliki wokoma, koma malamulo a chinenerocho akuukana. Pa Chiheberi mawu ofotokoza chinthu amabwera pambuyo pa chinthucho, monga ifenso timati nyanja yowawa osati yowawa nyanja. Dzinalo likanayenera kuyamba ndi yam.

Ena amaligwirizanitsa ndi meri, kupanduka, poganizira zimene Miriamu anachitira Mose m'chipululu. Limeneli ine silindigwira mtima ngakhale pang'ono. Khanda silipatsidwa dzina potengera mlandu umene lidzapalamule litakalamba. Tanthauzo lakuti dona linachokera ku Chiaramu, kumene mar ndi mbuye, koma dzina limene linamera kwenikweni pa muzu umenewo ndi la Marita.

Nkhani yosangalatsa kwambiri ndi ya nyenyezi. Cha m'ma 390 Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, analemba buku lofotokoza matanthauzo a mayina achiheberi. Pa Chiheberi palinso mar wina wotanthauza dontho, amene amapezeka pa Yesaya 40:15 pomwe mitundu ya anthu ikuyerekezedwa ndi dontho la mumtsuko. Ndiye Jerome anamasulira dzinali kuti dontho la m'nyanja, pa Chilatini stilla maris. Mabuku nthawi imeneyo ankakoperedwa pamanja, ndipo m'kukoperako chilembo chimodzi chinasintha, stilla n'kukhala stella, dontho n'kusanduka nyenyezi. Stella Maris, Nyenyezi ya Panyanja, linakhala limodzi mwa mayina aulemu okondedwa kwambiri a Namwali Maria, makamaka pakati pa asodzi ndi amalinyero. Lero kuli matchalitchi, masukulu ndi zipatala za dzina limeneli m'maiko ambirimbiri, ndipo zonsezo zinamera pa kusintha kwa chilembo chimodzi.

Kufotokoza kumene akatswiri ambiri a masiku ano amakuona kolimba n'kwakuti dzinali si lachiheberi n'komwe. Miriamu anabadwira ku Egypt, ndipo m'banja lake muli mayina ena a kumeneko. Dzina la Mose limafanana ndi mbali yomaliza ya mayina a mafumu monga Thutmose, yotanthauza wobadwa kapena mwana. La Finehasi, mdzukulu wa Aroni, nalonso ndi la kumeneko. M'chinenero chakale cha ku Egypt muli muzu wakuti mr wonena za kukonda, ndipo mry ndi wokondedwa. Umapezeka m'mayina ngati Merneptah, wokondedwa wa mulungu Ptah, ndi Meritamen, wokondedwa wa mulungu Amun. Ngati ndi choncho, Miriamu ndi wokondedwa basi, dzina loti mayi aliyense angapatse mwana wake popanda kufunsa kwa mlaliki. Umboni wotseka pakamwa palibe, koma pa mayankho onsewa ili ndi limene silifuna kupotoza mawu kuti ligwire.

Kuchoka pa Miryam kufika pa Maria ndi nkhani ya makutu a anthu a zinenero zina. Ayuda atamasulira malemba awo m'Chigiriki, m'zaka za m'ma 200 BC, analemba kuti Mariam, ndipo pa Chiaramu, chinenero chimene Yesu ankalankhula, linali Maryam. Mawu achigiriki sathera pa m, choncho ena anadula chilembocho n'kutsala Maria, ena anaonjezera mchira n'kukhala Mariamme kapena Mariamne. Aroma analilandira mosavuta chifukwa anali kale ndi Maria wawo, dzina lachikazi la banja la a Marius, limene silinali pachibale ndi lachiheberi lija. Kuchokera pa Chilatini, Afalansa anapanga Marie, ndipo kuchokera kwa Afalansa Angerezi anapanga Mary. Ife timalemba Maria kapena Mariya.

Loyera kwambiri moti sungapatse mwana

Munthu angaganize kuti Chikhristu chitafala, a Maria anachuluka pompo. Sizinatero paliponse. Msonkhano wa mabishopu wa ku Ephesus mu 431 utavomereza kuti Maria azitchedwa Amayi a Mulungu, ulemu wake unakula kwambiri, ndipo m'madera ena ulemuwo ndi umene unatsekereza dzinalo. Kupatsa khanda dzina la Amayi a Mulungu kunkaoneka ngati kudzikweza.

Ku Ireland anathana ndi vutoli mochenjera. Dzina lakuti Muire analisiyira Namwali yekha, ndipo mpaka lero pa Chiairishi si dzina lopatsa ana. Ofuna kumulemekeza ankatcha mwana Máel Muire, wodzipereka kwa Maria, kapena Gilla Muire, mtumiki wa Maria, limene linabala dzina la banja lakuti Gilmore. Atsikana atadzayamba kupatsidwa dzinalo pambuyo pake, analipatsa kalembedwe kena, Máire. Chilembo chimodzi chinakwanira kulekanitsa wakumwamba ndi wapansi. Ku Ethiopia, kumene mpingo wa Orthodox umalemekeza Maria kwambiri, kuli njira yofanana: Gebre Mariam ndi mtumiki wa Maria, Haile Mariam ndi mphamvu ya Maria, Walatta Maryam ndi mwana wamkazi wa Maria. Ndi mmene dzinali linapezekera pa atsogoleri awiri a dzikolo, Mengistu Haile Mariam ndi Hailemariam Desalegn.

Ku Poland mwambowu unakhalitsa. Mwana wachifumu wa ku France, Marie Louise Gonzaga, atakwatiwa ndi mfumu Władysław IV m'zaka za m'ma 1640, anachita kutembenuza mayina ake n'kumadziwika kuti Ludwika Maria, kuti dzina la Namwali lisakhale patsogolo. Pa Chipolishi Namwali ndi Maryja, anthu wamba ndi Maria. Patapita zaka mazana awiri mantha aja anali atatha, moti mtsikana wobadwira ku Warsaw mu 1867 anabatizidwa Maria Skłodowska popanda wodabwa. Dziko limamudziwa kuti Marie Curie, katswiri wa sayansi.

Ku Spain vuto linali lina. A Maria anachuluka mpaka pofunika powasiyanitsira, ndipo anthu anayamba kulumikiza dzinalo ku mayina aulemu a Namwali kapena ku malo a mapemphero. Mwana ankabatizidwa María de los Dolores, Maria wa zowawa, koma pakhomo n'kumangoitanidwa Dolores, kenako Lola. Carmen, Pilar, Mercedes, Consuelo, Rosario, Concepción, Montserrat ndi Guadalupe onsewa ndi a Maria obisala. Ngakhale dzina la galimoto za Mercedes linadzera njira yomweyi: wamalonda Emil Jellinek anazitcha dzina limene ankaitanira mwana wake wamkazi. Ndipo m'maiko achikatolika amuna nawo ankalandira dzinali ngati lachiwiri. Nduna yaikulu yakale ya Spain ndi José María Aznar, ndipo dzina lenileni la Voltaire, wolemba mabuku wachifalansa amene ankanyoza mpingo osatopa, linali François-Marie Arouet.

Asilamu analitenga dzinali mwa njira yawo. Maryam ndi mkazi yekhayo amene Qur'an imamutchula ndi dzina lake, ndipo imamutchula ka 34. Sura ya 19 imadziwika ndi dzina lake, ndipo Yesu amatchedwa Isa mwana wa Maryam. Kuchokera apo kunabwera Meryem wa ku Turkey, Mariama wa kumadzulo kwa Africa ndi Mariamu wa Chiswahili. Pakati pa Ayuda Miriam sanasiye kugwiritsidwa ntchito. Mayina ndi ochepa amene zipembedzo zitatu zonsezi zimapatsa ana awo aakazi popanda wina kuona ngati wabwereka kwa mnzake.

Ku England dzinali linayamba kuoneka cha m'zaka za m'ma 1100, koma linadzakula pambuyo pake, ndipo chodabwitsa n'chakuti linafika pachimake dzikolo litachoka kale mu Katolika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pafupifupi mtsikana mmodzi mwa anayi aliwonse ankabatizidwa Mary, ndipo Mary, Elizabeth ndi Ann pamodzi ankatenga theka la atsikana onse kapena kuposerapo. Apa ndi pamene pali chinsinsi cha nkhani yonse. Anthu a nthawi imeneyo sankasankha dzina ngati mmene timachitira lero. Mwana ankalandira dzina la amayi ake, la agogo ake kapena la mayi amene anamuimira pa ubatizo. Mayinawo ankangozungulira m'banja, ndipo limene lachuluka kale ndi limene linkachulukirachulukira. M'nyumba imodzi mukakhala a Mary atatu, mayina achidule ankathandiza: r anasanduka l n'kubala Molly, ndipo Molly anabala Polly. Kusinthana kwa r ndi l kumeneku ife sitingakudabwe. Ndi kumenenso kunapanga Malia wa ku Hawaii.

Kutsika kwake

Dziko limene lili ndi ziwerengero zomveka bwino pa nkhaniyi ndi United States, kumene bungwe la boma la Social Security Administration limasunga mayina a ana kuyambira obadwa mu 1880. Ziwerengero za zaka zoyambirira sizikwana anthu onse, chifukwa ambiri obadwa isanafike 1937 sanalembetse, komabe chithunzi chake n'choonekera. Mary anali pa nambala wani chaka chilichonse kuyambira 1880 mpaka 1946. Mu 1921 mokha atsikana pafupifupi 74,000 anapatsidwa dzinali.

Amene anamugwetsa koyamba ndi Linda, mu 1947. Chaka chimenecho nyimbo ina ya mutu wakuti "Linda", yopekedwa ndi Jack Lawrence, inali m'kamwam'kamwa, ndipo atsikana pafupifupi 100,000 anatchedwa Linda. Mwana amene wopekayo anatengera dzinalo anali Linda Eastman, amene anadzakwatiwa ndi woimba Paul McCartney wa gulu la Beatles. Linda anakhala pamwamba mpaka 1952, Mary n'kubwerera mu 1953 n'kukhalapo mpaka 1961. Mu 1962 Lisa anatenga mpando, ndipo Mary sanaubwererenso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anatuluka m'gulu la mayina khumi oyamba, mu 2009 anatuluka m'gulu la 100, ndipo masiku ano atsikana opatsidwa dzinali pachaka ndi cha m'ma 2,000. Katswiri wa za kakhalidwe ka anthu Philip Cohen anawerengera kuti pakati pa 1961 ndi 2011 dzinali linatsika ndi 94 peresenti.

Koma mndandanda wa woyamba ndi wachiwiri umabisa kanthu. Mary anayamba kutsika kalekale ali pamwamba pomwepo. Mu 1880 anali ndi atsikana 7 pa 100 aliwonse. Mu 1921, chaka chimene chiwerengero chinakwera kwambiri chija, anali ndi osakwana 6. Mu 1961, akadali woyamba, anali atatsala ndi awiri okha ndi kachidutswa. Amene amayamba kufotokoza nkhaniyi kuchokera m'zaka za m'ma 1960 amakhala atachedwa ndi zaka 80.

Yankho limene limabwera msanga m'kamwa ndi lakuti anthu anasiya kupemphera. Mbali ina n'zoona, makamaka ku France. Mu 1900 mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse kumeneko ankatchedwa Marie, pomwe lero sakwana ngakhale mmodzi pa 100. Wofufuza Jérôme Fourquet anagwiritsa ntchito kutsika kumeneku ngati muyeso wa mmene Chikatolika chazilalira m'dzikolo, ndipo anaonetsa kuti madera opemphera kwambiri, monga Brittany, ndi amene analigwiritsitsa nthawi yaitali. Malamulo nawo anamasuka. Lamulo la France la 1803 linkalola mayina a pa kalendala, monga a oyera mtima, ndi a anthu odziwika m'mbiri yakale okha, ndipo ufulu wonse wosankha unadzabwera mu 1993. Mu Katolika, malamulo a mpingo a 1917 ankauza ansembe kuonetsetsa kuti wobatizidwa walandira dzina lachikhristu, pomwe a 1983 amangoti dzinalo lisatsutsane ndi chikhristu.

Komabe chipembedzo chokha sichikwanira kufotokoza zonse. Ku United States, m'zaka zomwe Mary ankatsika, mayina ena a m'Baibulo ankakwera: Sarah, Rachel, Hannah, Abigail, ndipo kwa anyamata Jacob, Noah ndi Elijah. Mabanja opemphera sanathe. Ena mwa iwo m'zaka za m'ma 2000 anathamangira dzina latsopano lakuti Nevaeh, limene ndi mawu a Chingerezi otanthauza kumwamba owerengedwa chobwerera m'mbuyo. Komanso Linda, amene analibe chochita ndi tchalitchi, anagwa mofulumira kuposa Mary, ndipo lero ndi wosowa kwambiri kumuposa.

Ine ndimaona kuti chimene chinasintha kwenikweni ndi ntchito ya dzina. Kale dzina linkamulumikiza mwana ku anthu ena, agogo, woyera mtima, banja. Kukhala ndi dzina lofanana ndi la anzako kunali kwabwino, chifukwa kunkasonyeza komwe uli. Lero makolo ambiri amafuna dzina limene limulekanitse mwanayo ndi anzake, loti aphunzitsi akaitana m'kalasi atembenuke yekha. Pa muyeso umenewo, chimene chinali mphamvu ya Mary ndi chimene chinakhala chilema chake. Stanley Lieberson wa ku yunivesite ya Harvard, amene anafufuza kwambiri za mayina, anaonetsa kuti mwambo ukangomasuka mayina amayamba kuyenda ngati fashoni ya zovala: chimene anavala amayi ako iwe suchifuna, ndipo chatsopano chimangosiyana pang'ono ndi chadzulo. Umboni wake ndi wakuti palibe dzina limene linalowa m'malo mwa Mary pa kukula. Olivia, amene wakhala woyamba ku United States kuyambira 2019, amapatsidwa kwa mtsikana pafupifupi mmodzi yekha pa 100 aliwonse. Mpando ulipo, koma unachepa.

Ku Ireland kusinthaku kumaoneka pa anthu enieni. Pa kalembera wa 1911 Mary linali dzina la akazi lofala kuposa onse, ndipo kuyambira 1990 mpaka 2011 dzikolo linali ndi mapulezidenti awiri otsatizana a dzina limeneli, Mary Robinson ndi Mary McAleese. Onse awiri anabadwa pamene dzinali linali pachimake. Ana obadwa pa nthawi ya utsogoleri wawo ankatchedwa mayina ena.

Tisafulumire kulira maliro, chifukwa ziwerengero za maiko olankhula Chingerezi ndi Chifalansa si za dziko lonse. Pa kalembera wa 2010 ku Brazil kunapezeka a Maria 11.7 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri a José amene anali achiwiri, ndipo mayina ophatikiza ngati Maria Clara, Maria Eduarda ndi Maria Alice akadali okondedwa kwa makanda. Ku Portugal Maria wakhala akutsogola pa mayina a atsikana obadwa kumene kwa zaka zambiri. Ku Spain, mukawerenga akazi onse amoyo, María del Carmen ndi María ndi amene ali patsogolo. Kumeneko mwambo wophatikiza uja ndi umene unalipulumutsa, chifukwa makolo amatha kusunga Maria wa agogo n'kuonjezera dzina lachiwiri lakumtima kwawo.

Ngakhale kumene Mary anagwa, abale ake akuyenda bwino. Mia, amene anayamba ngati chidule cha Maria ku Scandinavia ndi ku Germany, wakhala m'gulu la mayina khumi oyamba ku United States kuyambira 2009. Ku England ndi Wales, kumene Mary anali woyamba mu 1904 ndi mu 1914, lero Maryam ali m'gulu la mayina 100 oyamba ndipo wamusiya Mary kutali, chifukwa cha mabanja achisilamu. Kalembedwe ka Maryam kameneka ndi koyandikira kwambiri mmene amayi a Yesu ankamvera dzina lawo poitanidwa ku Nazareti.

Kodi Mary weniweniyo angabwerere? Mayina akale amabwerera, koma ali ndi nyengo yake. Emma anali m'gulu la mayina atatu oyamba ku United States m'zaka za m'ma 1880, anatsika mpaka kupitirira nambala 400 m'zaka za m'ma 1970, kenako anakwera n'kukhala woyamba mu 2008 komanso kuyambira 2014 mpaka 2018. Eleanor, Hazel ndi Evelyn ayenda njira yomweyo. Kawirikawiri dzina limayamba kukomanso pamene makolo achichepere salilumikizanso ndi nkhope ya azakhali kapena ya apongozi, koma ndi agogo a agogo amene amangowaona pa chithunzi. Emma anachoka pamwamba msanga, choncho anapuma mokwanira. Mary anakhalitsa mpaka 1961, ndipo atsikana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi zaka za m'ma 60. Ambiri mwa iwo ndi amene akulera zidzukulu zimene zikupatsidwa mayina lero, ndipo amene adzasankhe ngati dzinalo libwerere ndi zidzukulu zimenezo zikadzayamba kubereka.